Timagetsi Tiwiri ta pa Modemu

Okondedwa Achemwali,

Muli bwanji kumeneko? Nanga amayi, mwendo uja wayamba kuponda pansi kapena akuyendabe mogwirira khoma? Ndayamba ndi funso limeneli dala, ndipo ndikufuna yankho lenileni, osati lija lopatsa mwana kuti asalire. Ine kuno m'thupi ndili bwino. Chifuwa chinandigwira mwezi watha koma chinatha chokha.

Ndikudziwa kuti mwazindikira kalembedwe kanga pa envulopu, ndipo mwayamba mwaiika pawindo kaye kuti izizire. Palibe kanthu. Koma muwerenge mpaka kumapeto musananditukwane.

Apita Malachitatu asanu ndi atatu ndisanamve mawu anu kapena a amayi. Paja pangano lathu linali lakuti mukatuluka nawo kuchipatala koyezetsa kuthamanga kwa magazi, muzilowa m'kanyumba ka foni ka papositi n'kundiimbira ku ofesi nthawi ya nkhomaliro, bwana atatuluka. Ine sindingakuimbireni, poti kanyumbako sikalandira foni. Tsiku lomaliza lija ndinakakamira kuti mundipatse amayi, ndipo m'pamene munaulula kuti anaterereka kubafa n'kuvulala mwendo, agona m'chipatala masiku asanu ndi anayi. Malachitatu awiri munkandiuza kuti ali pamzere wa mankhwala. Munati simunafune kuti ndizidandaula ndili kutali. Ine ndinati ngati foni ndi yonamizirapo anthu, musadzandiimbirenso. Ndinatinso munthu wolekezera sukulu panjira asamandisankhire zoti ndidziwe. Kenako ndinamenyetsa foni pansi.

Chachitika chinthu china kuno chimene muyenera kuchidziwa, ndipo kuti muchimve bwino ndiyenera kukuuzani za ntchito. Pirirani nane.

Mukudziwa kuti timagulitsa zipangizo za mapampu a madzi. Zambiri timaitanitsa kunja, ndiye ndimajambula chitsulo chothyokacho n'kutumiza chithunzi pa imelo kuti atipezere chofanana nacho. Kompyuta imatumiza kudzera m'kabokosi kotchedwa modemu, kamene kamaimba foni kukampani ya intaneti ngati mmene munthu amaimbira. Modemu yathu yakale inkati ikamaimba inkalira ngati mphaka wopondedwa mchira, mpaka makasitomala ankasuzumira kuseri kwa kauntala. Chithunzi chimodzi chinkapita ine nditamaliza kusesa, kumwa tiyi n'kutsuka kapu. Wina akangonyamula foni, zonse zinkaduka.

Sabata yomwe tinakanganayo bwana anaikitsa layini yatsopano, ati ya dijito. Anthu a matelefoni anabwera awiri, anakhoma kabokosi kotuwa pakhoma, anapempha madzi akumwa, basi ulendo. A kampani ya intaneti anangotumiza modemu yatsopano m'katoni pamodzi ndi pepala limodzi. Bwana anaiyang'ana uku ndi uku ngati nsomba ya pamsika, n'kundikankhira. Ati iwe si unamaliza sekondale, ndiye taonetsa. Adalaivala athu, bambo achikulire okonda nthabwala, amvekere mwana wanga ukaphulitsa undichenjeze ndiimike galimoto patali.

Kukampani ya intanetiko kuli bambo amene amathandiza anthu pafoni. Dzina lawo sindilidziwa, nkhope yawo sindinaionepo. Ine ndimawatchula a Tadikirani, chifukwa chilichonse ukafunsa amayamba ndi tadikirani kaye mayi, kenako umamva akutafuna. Iwowo ndi amene anandiuza kuti waya watsopanoyu ali ndi njira ziwiri m'kati mwake, ngati msewu wodutsa magalimoto awiri. Ati modemu iziyenda njira imodzi, foni njira inayo, moti ndikhoza kulankhula nawo kwinaku modemu ikuimba. Gwirani mawu amenewa, Achemwali, chifukwa ine ndinawamva bwinobwino ndi makutu anga awiri.

Zinatitengera masiku atatu. Tsiku loyamba kagetsi ka pamodemu kanangoti psuu, kufiira osasintha. Pakompyuta panali mndandanda wa mitundu ya makina a kumatelefoni, woti usankhepo umodzi wogwirizana ndi layini yako. A Tadikirani anandisankhitsa wachitatu, kenako wachisanu, kenako anati tadikirani kaye mayi ndifunse anzanga. Woyenera unali woyamba, umene unalipo kale tisanayambe kugwiragwira.

Tsiku lachiwiri modemu inkaimba koma kosayankhidwa. Kukampaniko kuli makina aakulu otchedwa rauta, amene amalandira mafoni a mamodemu onse n'kuwalowetsa pa intaneti. Nambala imene anatilembera papepala inali ya rauta yolandira mamodemu akale olira aja. Ya dijito ili ndi nambala yake. Ndinawafunsa kuti nanga papepala munalemberanji yolakwika, ati pepala si ine ndinalemba mayi. Ndinati kumeneko aliyense si iye, kodi kampaniyo imadziyendetsa yokha? Anaseka mpaka kutsamwa.

Tsiku lachitatu rauta inayankha koma n'kutikana. Ndilembe dzina la ofesi, ndilembe mawu achinsinsi, iyo n'kudula. Ndilembenso pang'onopang'ono ndi chala chimodzi, iyo n'kudulanso. Ndinafika polankhula nayo ngati munthu. Kenako zinadziwika kuti rautayo safuna kuti uitchulire mawu achinsinsi poyera. Imafuna iyambe yakufunsa, iwe uyankhe mobisa, ngati mlonda wonyada wa pageti amene amakudziwa bwino koma amafunabe chitupa. Pakompyuta panali kabokosi kakang'ono koti ndichonge. Nditachonga, kagetsi kamodzi kanayaka kobiriwira. Popanda kulira, popanda phokoso lililonse. Ndinati a Tadikirani, yafa. Ati ayi mayi, mwalowa, imeneyo silira.

Tsopano apa ndi pamene pali mlandu wanga. Pansi pa malo olemba nambala ya rauta panali malo ena opanda kanthu, olembedwa kuti nambala yachiwiri. Ndinafunsa kuti nanga awa? Anandiyankha kuti pamenepo musiye choncho mayi, zimenezo si za inu. Mukundidziwa. Akanati zimenezo n'zoopsa, kapena akanandifotokozera chifukwa chake, bwenzi nditasiya. Koma si za inu? Ine amene ndakhala masiku atatu khosi litapindika ndi foni paphewa? Atangodula ndinalemba nambala ija pamalo achiwiriwo. Kagetsi kachiwiri kanayaka pambali pa kanzake. Ndinatumiza chithunzi, chinapita ndisanamalize n'komwe kuthira shuga mu tiyi.

Bwana atabwera anaona maoda onse a sabata atapita. Chiyambire ntchito sanandiyamikirepo, koma tsiku limenelo ananditchula injiniya pamaso pa kasitomala. Adalaivala anandivulira chipewa. A Tadikirani sindinawauze kanthu. Ndinkati mumtima, amabisira anthu zabwino kuti azioneka odziwa okha.

Kuyambira pamenepo ndinakonza kuti zithunzi zonse ndizitumiza nthawi ya nkhomaliro, anthu onse atatuluka. Modemu inali ndi chizolowezi chodzidula yokha ikakhala mphindi zingapo osagwira ntchito, ndiye ndinachotsanso zimenezo. Bwana akangotuluka ndinkalumikiza, akamalowa ndinkadula. Ola ndi theka tsiku lililonse, ine, buledi wanga, ndi timagetsi tiwiri tija.

Ndisakubisireni, ndinkatikonda timagetsito. Kuno munthu ulibe zambiri zoyang'ana. Chipinda changa windo lake linayang'anizana ndi khoma la nyumba yosungiramo katundu, moti dzuwa limalowa kanthawi kochepa m'mawa, kenako basi. Mayi eni nyumba ndi abwino, koma nkhani yawo ndi ya mpopi wodontha ndi ya amene wasiya geti yosatseka. Lamlungu ndikachokera kutchalitchi ndimachapa, ndimasita, ndikamaliza ndimapeza kuti tsiku likadalipo lambiri, ndiye ndimasitanso zomwe ndasita kale. Atsikana a chipinda choyandikana nane anandiitanapo kawiri kukacheza. Ndinawayankha zimene ndinawayankha, ndipo anasiya. Nditawerengera bwino ndinapeza kuti munthu amene ndalankhula naye nthawi yaitali kuposa wina aliyense mumzinda muno ndi a Tadikirani. Tsiku lina ndinawaimbira kuwafunsa chinthu chimene ndinkachidziwa kale, kungofuna kumva munthu akunditchula mayi.

Lachitatu loyamba ndinakokera foni pafupi ndi chigongono. Ndinali nditakonza mawu oti ndikulandireni nawo, akuthwa bwino. Sinalire. Lachitatu lachiwiri ndinakonza ena akuthwa kuposa oyambawo. Lachitatu lotsatira ndinati akangoimba ndingofunsa za amayi basi, zina zonse ndisiya. Pofika kachisanu ndinali nditasiya kukonza mawu. Ndinkangoiyang'ana. Sindinkainyamula n'komwe, ngakhale kuipukuta fumbi, kuopa kuti mungaimbe nthawi yomweyo n'kupeza ili bize. Bwana akalowa ndinkapita kubafa kukasamba m'maso, n'kumati mumtima, chabwino, akufuna tione wouma mtima ndani, ationa.

Lolemba lapitali akazi a bwana galimoto inawaphwera tayala kumsewu wa kumafakitale. Anapempha foni pamalo omwetsera mafuta n'kuimba ku ofesi kuti adalaivala akawathandize. Anaimba pafupifupi ola lathunthu, ili bize. Ndiye anauyamba wapansi dzuwa lili paliwombo. Analowa nsapato zili m'manja, thukuta lili kamukamu, n'kundipeza ndikutafuna buledi. Amvekere iwe mtsikana, ofesi ino ndi ya mwamuna wanga, si yochezerapo ndi zibwenzi zako. Ndinati mayi, ndikanakhala ndi chibwenzi cholankhula nane ola lathunthu, bwenzi ndikudya buledi wouma ndekha? Ngati mukuzidziwa zibwenzizo ndipatseniko chimodzi. Ati ndiwe wamwano. Ndinati zimenezo n'zoona, koma foni iyi sinagwiridwe, taonani fumbi. Anainyamula mwaukali kuti andigwire bodza, anaiika kukhutu, kenako anangondipatsira. Munalibe kulira kuja kwa layini yotseguka. Munkangomveka tu, tu, tu.

Ndinadula modemu, timagetsi tinazima, foni inabwerera mwakale. Ndinaimbira a Tadikirani. Sananene n'komwe kuti tadikirani kaye. Anangofunsa kuti mayi, mukalumikiza pamayaka timagetsi tingati? Ndinati tiwiri. Anapuma mpweya wautali. Ati ndinakuuzani kuti waya uli ndi njira ziwiri, inu mwapatsa modemu zonse ziwiri, nanga foni idzera pati? Aliyense woimba nthawi imeneyo akumva kuti layini ili bize, inu kumeneko simumva kalikonse. Kenako anafunsa kuti mwakhala mukuchita zimenezi kuyambira liti. Ndinayang'ana kalendala ya pakhoma n'kuyamba kuwerenga ndi chala mzere wa Lachitatu. Ndinafika pa asanu ndi awiri. Akazi a bwana ankalankhulabe kumbuyo kwanga, koma sindikudziwa zimene ankanena.

Ndinafunsa a Tadikirani ngati modemu imasunga manambala a anthu amene anayesa kuimba. Ati ayi, foni yopeza layini yotseka sifika n'komwe kwa inu, imabwerera panjira. Nanga rauta yanuyo, poti ndi yanzeru chonchi? Ati rauta imadziwa za inu ndi iyo basi, za abale anu ilibe nazo ntchito. Sindinawauze kuti ndi abale. Kaya anamva bwanji. Mawa lake ndinapempha ola limodzi n'kupita ku ofesi ya matelefoni. Ndinaima pamzere mpaka miyendo kuwawa. Mayi wa pawindo anandimvetsera uku akudinda mapepala a munthu wina, n'kuti mwana wanga, ife timalemba mafoni amene alowa. Imene yapeza bize ili ngati sinaimbidwe.

Ndiye ndili pano, Achemwali, sindikudziwa. Mwina munamvera mawu anga ndipo simunaimbe ngakhale kamodzi. Ngati ndi choncho ndiye ndakwiya kawiri, chifukwa munayamba liti kumvera zonena ine? Ndili mwana ndinkati musandisambitse, inu n'kumandisambitsabe ndikukuwa. Mwinanso munkabwera Lachitatu lililonse, amayi atatsamira paphewa panu, n'kuwaimika m'kanyumba kopapatiza kaja ndi mwendo umodzi, n'kumamva tu, tu, tu. Kamodzi munthu amati mwina bwana akulankhula. Kawiri amati tsoka. Koma kasanu ndi kawiri, tsiku lomwelo, ola lomwelo? Pamenepo aliyense anganene kuti mwana uja amachita kuchotsa foni pamalo pake dala kuti tisamupeze. Ndipo mukananena zimenezo palibe akanakutsutsani, chifukwa n'zimene ndingathe kuchita. Chimene chikundidya ndi chakuti mwina amayi akuganiza choncho. Anagwa, anagona m'chipatala, atatuluka mwana wawo n'kuwatsekera khomo.

Pa ziwirizi sindikudziwa chimene ndikufuna kuti chikhale choona. Ndikaganiza choyamba ndimapsa mtima, ndikaganiza chachiwiri chakudya sichilowa.

Nambala yachiwiri ija ndinaifufuta tsiku lomwelo. A Tadikirani ananditsogolera bwinobwino, ndipo sananene kuti ndinakuuzani koposa kamodzi, zimene ine sindikanakwanitsa. Ndinabwezeretsanso zoti modemu izidzidula yokha. Kuti nditsimikize, ndinalumikiza kenako ndinatuma adalaivala kuti akaimbe ali pasitolo ya nsalu yoyandikana nafe. Foni inalira kagetsi kamodzi kali chiyakire. Ndinkadziwa kuti ndi iwo, koma ndinadzidzimuka mpaka kutaya tiyi. Ndinayankha, iwo amvekere halo, ndikufuna injiniya. Ndinawauza kuti anachotsedwa ntchito. Ndi zoonadi, bwana dzina lija analanda. Akudandaula kuti zithunzi zayambanso kuchedwa, koma akazi awo anawauza kuti asankhe pakati pa zithunzi ndi banja, ndiye nkhaniyo inathera pomwepo.

Dzulo linali Lachitatu. Sindinakhulupirire za njira ziwiri zija. Bwana atangotuluka ndinagwada pansi pa tebulo n'kuzula waya wa modemu ndi dzanja langa. Ndinakhala ola ndi theka manja ali pamwendo, layini ili yotseguka mbali zonse. Sinalire. Ndiye lero ndagula pepala ndi sitampa.

Za sukulu zija ndinalakwa. Ndikudziwa bwino amene anasiya sukulu bambo atamwalira kuti wina apitirize, ndipo ndikudziwa amene ankandisokera yunifomu. Ndinasankha mawu amenewo chifukwa ndinkadziwa kuti ndi amene angapweteke kwambiri. Ndawabweza, ngati mawu amabwezeka. Ndi sukulu yomweyonso imene yanditseketsa layini masabata asanu ndi awiri ndikudziona wochenjera, ndiye mukafuna kuseka sekani, ndakulolani kamodzi kokha.

Koma za bodza lija sindinakukhululukireni, ndisaname. Amayi ndi anga inenso. Mukanandiuza tsiku lomwe anagwalo, mwina sindikanatha kubwera, poti ulendo ndi wa masiku awiri ndipo tchuthi changa n'cha kumapeto kwa chaka. Komabe ndikanadandaula pamodzi nanu. Inu munkagona pansi m'chipatala, ine kuno ndikuseka nthabwala za adalaivala, osadziwa kanthu. Munandisandutsa mlendo. Zimenezo zitenga nthawi, ndipo musandifulumizitse. Tikhoza kumalankhulana ndili chikwiyire, si zachilendo kwa ife.

Pempho langa ndi limodzi. Lachitatu loyamba mukalandira kalatayi, imbani. Ngati amayi sangathe kuima m'kanyumba kaja, bwerekani mpando kwa mayi wogulitsa masitampa, waya wa foniyo umafika pakhomo. Muyambe mwawapatsa iwo. Musawafotokozere za modemu ndi rauta, angosokonezeka. Ndidzawauza ndekha kuti sindinawatsekere dala. Akamaliza mudzatenge inu, mudzanditukwane mmene mungafunire, ndipo ndidzayesetsa kukhala chete mpaka mutamaliza, ngakhale sindikulonjeza.

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti wailesi ija ndinaipeza koma ndidzabwera nayo ndekha, poti zotumiza pa basi zimasweka. Moni kwa ana anu onse atatu, makamaka wamkuluyo amene ndikumva kuti wayamba kuyankha akuluakulu. Musamumenye kwambiri, mukudziwa kumene anatengera. Moni kwa azakhali, kwa amalume ndi akazi awo, ndi kwa achimwene ngati akumapezeka pakhomo masiku ano. Amayi musawapatse moni wa m'kalata, ndikufuna ndidzawapatse ndekha.

Kalatayi idzatenga masiku khumi kapena kuposa kuti ikufikeni, ndiye pali Lachitatu limodzi kapena awiri oti ndikhalebe ndikuyang'ana foni yosalira. Ndidzazula wayawo onsewo. Mukadzaimba n'kupeza ili bize, si ine. Mudzabwezere foniyo pamalo pake, muwerenge mpaka makumi awiri, mudzaimbenso.

Tsalani bwino, Mulungu akusungeni nonse.

Ndine mng'ono wanu,
Katsabola